Chitunda cha Ophunzira Zamalonda ku Kabwe

Tauni ya Kabwe, imene atsamunda anaitcha Broken Hill atapezako miyala ya mtovu ndi zinki m'chaka cha 1902, ilibe phiri loti wothamanga n'kuyeserapo miyendo yake, pakuti timapiri timene tinalipo tinagumulidwa kalekale ndi okumba mgodi. Chooneka patali lero ndicho chimulu chakuda cha zotsalira za mgodi chimene chayandikana ndi nyumba za ku Kasanda, ndipo kholo lanzeru sililola mwana wake kukwerapo, popeza fumbi lake n'laululu.

Wofuna kuona liwiro la pachitunda apite ku Mulanje, m'dziko la Malawi, kumene chaka ndi chaka anthu amapikisana kukwera phiri kuyambira pa Likhubula. Akatswiri a mpikisanowo, amene ambiri anakulira kusenza katundu wa alendo m'njira zomwezo, sathamanga modzionetsa ayi: amafupikitsa mapazi, naweramira kutsogolo pang'ono, nayang'ana mwala wotsatira m'malo mwa nsonga, nasunga mpweya wawo mwaumbombo, podziwa kuti wothamangitsa mtima patsinde adzakhala pansi dzuwa lisanafike paliwombo.

Momwemonso ndiwaona abale ndi alongo athu amene akuchita digiri yachiwiri ya zamalonda, yotchedwa MBA, pa Mulungushi University, sukulu imene inakhazikitsidwa m'chaka cha 2008. Ambiri a iwo ndi anthu apabanja, ogwira ntchito usana, amene amatsegula buku la akaunti ana atagona, malaiti atathima, kandulo ali pambali, ndipo pamene manambala akana kugwirizana kachitatu, mtima umanong'ona kuti, "Ingosiyani, bambo, ukalamba wafika." Kwa otere ndinena kuti walira mvula walira matope, phunziro limene likuwawitsa mutu ndilo likulimbitsa mafupa, ndipo wolizemba posankha zofewa zokhazokha adzatuluka ndi pepala, koma miyendo yake idzanjenjemera tsiku loyamba limene bizinesi idzamuikira chitunda chenicheni.

Koma chitunda chachikulu choposa mayeso onse chili pakhomo pathu pomwe, ndipo ndikhumba kuti aphunzitsi asachilambalale. Mgodi uja unakumbidwa zaka pafupifupi 90 kufikira unatsekedwa mu 1994, ndipo m'mabuku ake munalembedwa malipiro a antchito, mtengo wa makina ndi phindu la eni masheya. Koma mtovu umene unagwera m'dothi la Kasanda, Makululu ndi Chowa, umene ukupezeka m'magazi a ana kufikira lero, nufooketsa nzeru zawo, sunapatsidwe mzere wake. Ngongoleyo akuilipira ndi amayi amene amathira madzi pabwalo m'mawa uliwonse kuti fumbi lisabuke, ndi kukalipira ana osewera m'dothi.

Mu 2020 nkhaniyi inafika kukhoti ku Johannesburg, kumene amayi ndi ana a ku Kabwe anasumira kampani ya Anglo American, imene ikukana mlanduwo. Ndipo chiweruzo ndichisiyira oweruza. Chimene ndipempha n'chakuti wophunzira aliyense wa zamalonda m'tauni muno, asanavale mkanjo wa chikondwerero, apatsidwe ntchito yowerengera mtengo wochotsa dothi loipa pakhomo limodzi la ku Kasanda, ndi wothandiza kuchipatala mwana mmodzi, kenaka afotokoze pamaso pa anzake kuti ndalamazo zikadalembedwa m'buku la yani, ndiponso m'chaka chiti.