Timamuombera m'manja Jack Bauer, nanga atagogoda pakhomo pathu?

Papita zaka zoposa khumi chithereni nkhani ya Jack Bauer mufilimu ya 24, koma dzina lake silidafe m'misika ya m'chigwa cha Shire. Aliyense amene adakhalapo pabenchi ya vidiyo sho pa Dyeratu, Nchalo, Ngabu kapena Bangula m'zaka zija ma DVD otchipa adasefukira m'misika akumudziwa mkulu ameneyu. Sagona, saseka, ndipo akagwira munthu woganiziridwa uchigawenga sataya nthawi ndi mafunso aulemu. Amathyola chala kapena kuombera mwendo, kenaka n'kufunsa komwe kuli bomba. Munthuyo akaulula, muholo monse mumamveka mfuu ndi likhweru ngati Bullets yagoletsa chigoli.

Lero mafilimuwa adachoka pa DVD, ali m'mafoni ndi m'timakadi ta memore, ndipo akuonera ndi ana a anthu omwe ankaonera kale aja. Mkangano wake ukadali womwe uja: kodi Jack Bauer ndi ngwazi kapena ndi chigawenga chomwe chidangopatsidwa chiphaso cha boma?

Filimuyi idayamba kuonetsedwa pakanema ya Fox ku America pa 6 Novembala 2001, pasanathe miyezi iwiri chichitikireni chiwembu cha pa 11 Sepitembala chomwe chidapha anthu pafupifupi 3,000. Adaiyambitsa ndi a Joel Surnow ndi a Robert Cochran, ndipo Jack amamusewera ndi Kiefer Sutherland. Sizoni iliyonse ndi tsiku limodzi, magawo 24, gawo lililonse ola limodzi, wotchi ikugunda pakanema. Idayenda masizoni asanu ndi atatu mpaka 2010, n'kudzabweranso ndi magawo 12 mu 2014. Nthawi zonse pamakhala bomba, kachirombo kapena chiwembu chofuna kupha mtsogoleri, ndipo nthawi zonse malamulo amaoneka ngati chingwe chomanga manja munthu yekhayo amene angapulumutse dziko.

Omwe amamukonda Jack kuno ndi ambiri, ndipo si anyamata a kabaza okha ayi. Pali abambo aulemu wawo, ochita malonda, alimi a thonje, ngakhale akuluampingo. Ukamvetsera bwino, sakamba kwambiri za mabomba a ku Los Angeles. Amakamba za ng'ombe.

Munthu woweta ng'ombe ku Ngabu kapena kwa Chapananga amadziwa ululu wodzuka m'mawa n'kupeza khola lili pululu. Ng'ombe kuno ndi banki, ndi fizi ya mwana, ndi chakudya cha chaka chomwe madzi osefukira akokolola munda. Apite kupolisi, mwina amuuza kuti galimoto ilibe mafuta. Woganiziridwa akagwidwa, pakatha masiku ochepa amamuona akupalasa njinga pamsika, watuluka pabelo. Mlandu ukayamba, lero aimitsa, mwezi wamawa aimitsanso, mboni zatopa ndi kulipira thiransipoti. Ukakhala mlandu wakupha ndiye umadikira khoti lalikulu, ndipo kudikirako kumatha zaka. Munthu wotere akakhala pabenchi n'kuona mwamuna amene amathetsa mlandu wonse dzuwa lisanatulukenso, simungamuletse kuomba m'manja. Mkwiyo wakewo ndi woona, ndipo amene amamunyoza kuti ndi mbuli sadaberedwepo.

Amayi ambiri amaiona mwina nkhaniyi. Dandaulo lawo ndi ana: vidiyo sho safunsa zaka pakhomo, amafunsa ndalama, ndiye mwana wa Sitandade 4 amaonera munthu akumuzinga pepala lapulasitiki kumutu, mawa n'kukayeserera pa mng'ono wake kuseri kwa nyumba. Palinso ena omwe salankhula zambiri Jack akayamba ntchito yake. Awa ndi omwe adagonapo m'chitolokosi, kapena m'bale wawo adatulukamo akutsimphina.

Komatu pali chinyengo china m'filimuyi chomwe oomba m'manja ambiri sachiona. Inu oonera mumadziwa kale wolakwa. Kanema imakuonetsani chigawenga chikulumikiza mawaya a bomba, imakumvetsani foni yomwe chikuimba, nthawi zina imagawa chithunzi panayi kuti muone zonse nthawi imodzi. Jack akamamenya munthu, inu mumakhala mutaona kale umboni ndi maso anu. Wolemba nkhani ndiye adasankha kuti womenyedwayo akhale wolakwa, kuti aulule zoona, ndiponso kuti aulule mphindi zitatu bomba lisanaphulike. Wapolisi wa pa Nchalo alibe kanema yogawa panayi. Khamu la pamsika nalonso lilibe. Chomwe amakhala nacho ndi mphekesera, kalata yopanda dzina, kapena chala cha munthu amene adakanganapo ndi woganiziridwayo pa nkhani ya malire a munda.

Ngakhale m'filimu momwemo Jack adaphonyapo. Musizoni yachinayi adazula chingwe cha nyale yamagetsi n'kumugwiritsa shoko Paul Raines, mwamuna wa mayi yemwe Jack adali naye pachibwenzi, pomuganizira kuti akugwirizana ndi zigawenga. Paul sadali chigawenga. Nkhani idangopitirira, wotchi n'kumagundabe, ndipo oonera adaiwala msanga chifukwa gawo lotsatira lidali ndi zoopsa zina. Chingwe chamagetsichi muchisunge m'mutu, tichipezanso kwathu konkuno.

Kwawo kwa filimuyi anthu adakangana kuposa ife. Bungwe la makolo lotchedwa Parents Television Council lidawerenga malo 67 oonetsa kuzunza munthu m'masizoni asanu oyamba okha. Mu Novembala 2006 mkulu wa maphunziro pasukulu ya asilikali ya West Point, Brigadier General Patrick Finnegan, adapita yekha komwe ankajambula filimuyi pamodzi ndi akatswiri ofunsa milandu. Adakapempha opanga filimu kuti achepetseko, kaamba koti ophunzira ake ankabwera m'kalasi atakhulupirira kale kuti kuzunza munthu kumathandiza. Taganizani, mkulu wa asilikali kukapempha anthu a zisudzo kuti asamuonongere asilikali! Koma Jack adali ndi omuikira kumbuyo apamwamba. Mu 2007 woweruza wa khoti lalikulu kwambiri la America, Antonin Scalia, adamuteteza pamsonkhano wa oweruza ku Ottawa, kunena kuti adapulumutsa Los Angeles ndipo palibe angamupeze wolakwa.

Yankho la mkangano umenewo lidabwera kuchokera kunja kwa kanema. Munthu wina wa ku Libya, Ibn al-Shaykh al-Libi, atazunzidwa ku Egypt adaulula kuti dziko la Iraq linkaphunzitsa gulu la al-Qaeda zida za mankhwala oopsa. Mawu akewo adalowa m'zomwe Colin Powell adauza bungwe la United Nations mu Febuluwale 2003, mwezi umodzi nkhondo ya ku Iraq isanayambe. Pambuyo pake mkuluyo adati adangopeka kuti asiye kumuzunza. Mu Disembala 2014 komiti ya aphungu a Senate idatulutsa lipoti lonena kuti njira zankhanza zomwe bungwe la CIA linkagwiritsa ntchito sizidathandize kupeza zoona. Munthu akamva ululu amanena chilichonse chomwe womenyayo akufuna kumva. Izi agogo athu ankazidziwa kale, n'chifukwa chake pabwalo la mfumu ankafunsa mboni.

Chigwa cha Shire sichifunika kuphunzitsidwa ndi America za anthu ogwira ntchito kunja kwa malamulo m'dzina loteteza dziko. Mu Meyi 1983 phungu wa ku Chikwawa, a David Chiwanga, adagwidwa pamodzi ndi nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala. Onse anayi adaphedwa kwa Thambani m'boma la Mwanza, ndipo boma lidalengeza kuti idali ngozi ya galimoto. Komiti yofufuza yomwe idakhazikitsidwa mu 1994 motsogozedwa ndi Justice Harry Mtegha idapeza kuti adawapha ndi apolisi, potsata lamulo lochokera kwa akuluakulu awo. Dr. Kamuzu Banda ndi a John Tembo adazengedwa mlandu ndipo khoti lidawamasula mu Disembala 1995. Chodabwitsa n'chakuti pomwe opanga 24 adafuna dzina la dziko lopeka la mu Africa m'filimu yawo ya 2008, yomwe adajambulira ku South Africa, adalitcha Sangala. Zidangochitika mwangozi, koma Mmalawi wachikulire akamva dzinalo sakumbuka Jack Bauer.

A Gwanda Chakuamba, mwana wa ku Nsanje, adatsogolerapo gulu la Malawi Young Pioneers lomwe anthu ankaliopa kuposa apolisi. Mu 1980 dzanja lomwelo la boma lidawatembenukira, ndipo adatuluka m'ndende mu 1993.

Masiku ano amene amachita za Jack kawirikawiri ndi khamu. Kumayambiriro kwa Malichi 2016 anthu a m'boma la Nsanje adatentha anthu asanu ndi awiri omwe adawaganizira kuti adali ndi mafupa a munthu. Idali nthawi yomwe anthu achialubino ankaphedwa ndi kufukulidwa m'manda, ndipo mantha ndi mkwiyo zidali paliponse. Koma taonani zomwe motowo udatentha pamodzi ndi anthuwo. Mafupawo adali a ndani? Adawatenga kuti? Ankapita nawo kwa yani, ndipo wogulayo akadali kuti lero? Anthu omwe akadayankha mafunso amenewa adasanduka phulusa tsiku lomwelo. Ngati pagulupo padali wina amene adangotsagana nawo osadziwa za katunduyo, palibe khoti lomwe lidamumva. Mwezi wotsatira ofesi ya United Nations yoona za ufulu wa anthu idati m'miyezi iwiri yokha anthu 16 adaphedwa ndi makamu m'dziko muno. Chaka chotsatira, mu 2017, mphekesera za anamapopa zidafalikira m'maboma a kummwera, ndipo anthu ena adaphedwa pamlandu womwe palibe adauonapo ndi maso.

Ena amati uchigawenga weniweni ukadzafika tidzamufuna Jack. Nkhawayi si yopanda pake, poti kuyambira Okutobala 2017 zigawenga zakhala zikupha anthu ku Cabo Delgado, kumpoto kwa Mozambique, ndipo malire athu pa Marka ndi madera ena anthu amangodutsa wapansi. Akuluakulu a ku Nsanje akukumbukanso nkhondo ya Renamo ndi Frelimo, pomwe othawa kwawo adadzaza misasa ngati Mankhokwe ndi Nyamithuthu. Koma funsani omwe adathawa nkhondo ija chomwe chidawathamangitsa. Ambiri adzakuuzani za anthu amfuti, a mbali iyi kapena inayo, omwe ankafika pamudzi n'kuyamba kumenya kuti wina aulule amene akudyetsa adani.

Malamulo athu pankhaniyi sazungulira. Gawo 19 la malamulo oyendetsera dziko limaletsa kuzunza munthu mwanjira iliyonse, ndipo ufulu umenewu suchotsedwa ngakhale dziko litakhala pangozi. Gawo 42 limati womangidwa akaonekere kukhoti pasanathe maola 48, ndipo asaumirizidwe kuvomera mlandu. Mu 1996 Malawi idalowanso m'pangano la maiko loletsa kuzunza anthu. Vuto lidatsalira pena. Mu 2022 komiti ya United Nations yoyang'anira panganoli idadandaula ndi gawo 176 la lamulo lozengera milandu, lomwe limalola khoti kulandira mawu ovomera mlandu ngakhale mwini wake akunena kuti adamufinya. Wapolisi akadziwa kuti pepala losainidwa ndi dzanja lotupa likalandiridwa kukhoti, n'chiyani chingamuletse kutenga chikwapu m'malo mokafufuza? Lamulo la apolisi la 2010 lidalamula kuti pakhale ofesi yoima payokha yolandira madandaulo okhudza apolisi, koma padatenga zaka pafupifupi khumi kuti ofesiyo ikhalepo.

Tsopano tibwerere ku chingwe chamagetsi chija. Mu Febuluwale 2019 mnyamata wachialubino wa zaka 14 adabedwa ku Dedza. Ngati padali tsiku lomwe Malawi idali ndi wotchi yogunda ngati ya m'filimu, lidali limenelo: mwana wasowa, dziko lonse lakwiya, apolisi ali pampanipani kuti aonetse zotsatira. Mmodzi mwa omangidwa adali a Buleya Lule, omwe ankaganiziridwa kuti akudziwa za msika wa ziwalo. Patangotha masiku ochepa adamwalira ali m'manja mwa apolisi ku Lilongwe, mlandu wawo usanazengedwe. Dokotala wopima mitembo, Dr. Charles Dzamalala, adapeza kuti adafa ndi shoko yamagetsi, ndipo bungwe la Malawi Human Rights Commission lidati adazunzidwa.

M'filimu, apa ndi pomwe womangidwa amatchula dzina la bwana wamkulu ndipo galimoto zimanyamuka ndi liwiro. Ku Lilongwe sikudatuluke dzina lililonse lomwe lidafika kukhoti kuchokera pakamwa pa a Lule. Ngati ankadziwa ogula, adapita nawo kumanda, ndipo mabungwe a anthu achialubino, omwe ndi amene ankafunitsitsa kuti alankhule, ndiwo adali patsogolo kufuna kudziwa chomwe chidawapha. Apolisi 13 adamangidwa mu 2020. Mu Disembala 2024, patatha zaka zisanu ndi miyezi khumi, khoti lalikulu ku Lilongwe lidapeza asanu ndi mmodzi mwa iwo olakwa pamlandu wopha munthu.