Mathirakitala akubwera, koma owakonza aiwalika

Maboma akhala akusinthana m'dziko muno, koma lonjezo limodzi silisintha: lakuti mlimi ataya khasu n'kuyamba kulima ndi makina. Masomphenya a Malawi 2063, omwe adakhazikitsidwa mu January 2021, adaika ulimi wamakono ndi wamalonda ngati nsanamira yoyamba ya chitukuko, ndipo ndondomeko ya minda ikuluikulu yomwe boma la Lazarus Chakwera lidayambitsa idatsamira kwambiri pa mathirakitala. Makina akafika, mwambo wake ndi wodziwika. Mathirakitala onyezimira amandandalikidwa pabwalo, nduna imakwera pa imodzi, atolankhani n'kujambula. Chomwe sichijambulidwa ndi thirakitala yomweyo patatha zaka ziwiri kapena zitatu, itafwamphuka matayala pansi pa mtengo wa mango kuseri kwa ofesi ya zaulimi, nkhuku zikuikira mazira kunsi kwake.

Mkangano wa ulimi wamakina umathera pa chiwerengero cha mathirakitala omwe agulidwa ndi dzina la yemwe wapatsidwa. Koma moyo wa thirakitala uli m'manja mwa anthu ena omwe satchulidwa pa mwambo uja: makaniko, wowotcherera zitsulo ndi wogulitsa zipangizo zosinthira. Popanda atatuwa pafupi ndi munda, ndalama zogulira makina zimangotayika.

Dziko lino lidaphunzirapo kale mowawa. Mu ulamuliro wa Bingu wa Mutharika, boma lidakongola ndalama zokwana 50 miliyoni za ku America kubanki ya Exim ya ku India, ndipo zina mwa ndalamazo zidagulira mathirakitala 177 ndi makina otonolera chimanga 144. Cholinga chidali kutukula alimi ang'onoang'ono. M'chaka cha 2016, Martha Chizuma, yemwe panthawiyo adali mkulu wa ofesi yomva madandaulo a anthu ya Ombudsman, adatulutsa lipoti losonyeza kuti ambiri mwa mathirakitalawo adagulitsidwa motchipa kwa anthu audindo ndi ena okhoza kale, ngongole n'kutsalira Amalawi onse. Nkhaniyi idafika mpaka kubwalo lalikulu la apilo, lomwe mu 2019 lidagwirizana ndi Ombudsman kuti akuluakulu a maunduna okhudzidwa apepese mtundu wa Amalawi.

Anthu ambiri amakumbukira nkhaniyi ngati ya kusolola katundu wa boma, ndipo salakwitsa. Koma lipotilo lidadzudzulanso mfundo ina yomwe siikambidwa kawirikawiri, yakuti makinawo adali achikale ndipo adangokhala osagwira ntchito mpaka kuyamba kuwonongeka. Kutanthauza kuti ngakhale pakadapanda wogulitsa thirakitala ndi imodzi yomwe, funso likadakhalapobe: kodi adakonzekera kuwayendetsa ndi kuwasamalira ndani, ndipo ndi ndalama ziti?

Thirakitala siifa tsiku limodzi. Imayamba ndi zinthu zazing'ono zomwe mwini galimoto wa m'tauni angaziderere. Oyilo wa injini amayenera kusinthidwa thirakitala ikagwira ntchito maola mazana ochepa chabe, ndipo m'nyengo yolima maolawo amakwana m'masabata owerengeka. Fyuluta ya mpweya imadzaza fumbi la October. Mafuta a dizilo ogulidwa m'zigubu m'mbali mwa msewu, monga zimakhalira mafuta akasowa, nthawi zina amakhala ndi madzi kapena litsiro, ndipo zimenezi zimapha pampu yopopera mafuta mu injini, chipangizo chodula chomwe sichikonzedwa ndi sipanala ndi hamala. Kumbuyo kwa thirakitala mavuto ndi ochuluka kuposa apa. Pulawo ikagunda chitsa kapena mwala m'nthaka youma, mabawuti amaduka, mabering'i a madisiki amaphwanyika, felemu imang'aluka. Zonsezi ndi zachizolowezi pa munda uliwonse padziko lapansi. Kusiyana kwake n'kwakuti kwina mlimi amakonza tsiku lomwelo, pomwe kuno chitsulo chothyoka chimakwezedwa pa minibasi kupita ku Lilongwe, Blantyre kapena Mzuzu, ndipo chosinthira chikasowa m'sitolo amayamba kudikira kuti chichokere kunja.

Nthawi ndiyo imapweteka. Mlimi wodalira mvula ali ndi masabata ochepa okonzera munda mvula yoyamba isanagwe mu November kapena kumayambiriro a December. Thirakitala ikaima masabata atatu panthawiyi, ndiye kuti chaka chatha. Alimi makumi angapo omwe adalipira kale kuti awalimire amabwerera ku khasu mochedwa, mbewu n'kubzalidwa mochedwa, zokolola n'kuchepa. Chaka chotsatira alimiwo sakhulupiriranso za thirakitala, ndipo mwini wake, kaya ndi kopaletivi kaya munthu payekha, amalephera kubweza ngongole.

Amisiri alipo. Aliyense woyenda ku Ndirande mumzinda wa Blantyre, ku Mchesi ndi ku Biwi mu Lilongwe, kapena pamalo ochitira malonda monga Mponela, Jenda ndi Lunzu, amaona kuthwanima kwa moto wa owotcherera kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa. Anthuwa amapanga mafelemu a zitseko ndi mawindo, mageti, mawilibala, ngolo zokokedwa ndi ng'ombe pogwiritsa ntchito maekisulo a galimoto zakutha, zigayo, ngakhalenso makina otonolera chimanga ndi oswera mtedza. Ena mwa iwo makina owotchererawo adachita kudzipangira, kukulunga waya pa zitsulo za thiransifoma yakale. Ndi chodabwitsa kuti dziko lokhala ndi luso lotere lidakakongola ndalama kunja kuti ligule makina otonolera chimanga.

Komabe kungowatamanda amisiriwa sikuthandiza, chifukwa pali malire a zomwe angathe ndi zida zomwe ali nazo. Kuwotcherera geti ndi kuwotcherera chitsulo chomwe chidzakoke pulawo m'nthaka yolimba ndi ntchito ziwiri zosiyana. Ndodo zowotcherera, zomwe eni ntchito amazitcha marodi, zili m'mitundu yambiri. Zomwe zimapezeka paliponse, za nambala 6013, n'zabwino pa zitsulo zofewa zopangira mafelemu. Chitsulo chonyamula katundu wolemera chimafuna marodi olimba monga a 7018, omwe amayenera kusungidwa pouma ndipo amavuta kuyatsa pa makina ofooka. Mbali zambiri za injini ndi giyabokosi zidapangidwa ndi chitsulo chochita kusungunula n'kuumba, chija amisiri amachitcha cast iron, ndipo chimenechi chimafuna kuchitenthetsa kaye, kuchiwotcherera ndi marodi apadera okhala ndi nickel, kenako kuchisiya kuti chizizire pang'onopang'ono. Mmisiri akachita changu, chitsulocho chimang'alukanso pambali pomwe wawotcherera. Mlimi amalipira kawiri, kenako n'kumanena kuti amisiri a kuno sadziwa ntchito, chonsecho vuto ndi zida ndi maphunziro. Galaja yothandizadi alimi imafunikanso makina osulira zitsulo a lathe, oboolera ndi opanikizira mabering'i, ndipo ambiri mwa makina otere amayendera magetsi amphamvu a mawaya atatu, omwe m'midzi yambiri kulibe.

Apa ndi pomwe nkhani ya thirakitala imakumana ndi ya magetsi. Kalembera wa 2018 adapeza kuti anthu 84 mwa 100 alionse amakhala kumudzi, koma mabanja ounikira magetsi m'dziko lonse adali pafupifupi 11 okha mwa 100, ambiri mwa iwo a m'tauni. Kumene kuli minda kulibe magetsi, ndipo kumene kuli magetsi kulibe minda. Ngakhale mmisiri yemwe ali nawo sakhala pamtendere. Namondwe wa Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu January 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka, ndipo owotcherera adali m'gulu la oyamba kumva kuwawa, poti makina awo sayaka ndi tisola ta panyumba. Jenereta yokwanitsa kuwotcherera imamwa mafuta omwe mtengo wake umakathera pa mlimi.

Kugwa mphamvu kwa kwacha kudathira mchere pachilonda. Ndalamayi idachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenako ndi 44 peresenti mu November 2023, mwezi womwe alimi amakhala ali kalikiliki kukonza minda. Pafupifupi chilichonse cha m'galaja chimachokera kunja: mapaipi ndi malata a zitsulo, marodi, timiyala todulira, mabering'i, malamba, matayala. Ndalama zakunja zikasowa m'mabanki, patsogolo pamzere pamakhala mafuta, feteleza ndi mankhwala, ndipo n'zomveka. Wogulitsa mabering'i amakhala kumapeto, kapena amakagula madola pamsika wamdima n'kuika mtengowo pa katundu wake. Motero boma likhoza kuchotsa msonkho pa thirakitala yatsopano, koma ngati chitsulo ndi marodi okonzera thirakitalayo akukwera mtengo mwezi ndi mwezi, phindu la kuchotsako limatha msanga.

Za maphunziro zili ndi mbali yabwino. Bungwe la TEVETA lidakhazikitsidwa ndi lamulo mu 1999, ndipo makoleji a ntchito zamanja monga Lilongwe, Soche, Nasawa, Namitete, Salima, Mzuzu ndi Livingstonia akhala akusula amisiri kwa zaka zambiri. Kuyambira mu 2015, boma la Peter Mutharika lidayamba kutsegula makoleji a ntchito zamanja m'maboma, ndipo kuwotcherera ndi imodzi mwa ntchito zomwe achinyamata amaphunzira m'makoleji otere. Koma mnyamata kapena mtsikana akamaliza amayang'ana komwe kuli ndalama, ndipo ndalama ili m'tauni momwe anthu akumanga nyumba ndi mipanda. Geti imalipiridwa lero. Mlimi amabwera ndi pulawo yothyoka mu November, mwezi womwe m'thumba mulibe kanthu, n'kupempha kuti adzalipire akakolola. Palibe angamudzudzule mmisiri posankha geti. Kuti akhazikike kumudzi akufunika ntchito ya chaka chonse, ndipo ntchito yoteroyo imabwera ndi mapampu a ulimi wothirira, zigayo, ngolo, njinga zamoto ndi makina oyengera mafuta a mpendadzuwa, osati ndi thirakitala imodzi yomwe imalima miyezi iwiri n'kugona miyezi khumi.

Mfundo imeneyi ikukhudzanso mtundu wa makina omwe dziko likusankha. Alimi ambiri m'dziko muno amalima malo osakwana hekitala imodzi, ogawikagawika, okhala ndi mitengo ndi zulu. Thirakitala yaikulu imataya nthawi ndi mafuta poyenda kuchoka pa kamunda aka kupita pa ako. Dziko la Bangladesh, lomwe alimi ake alinso ndi minda ing'onoing'ono, lidatsata njira ina. Cha mu 1988 boma la kumeneko lidafewetsa malamulo ndi misonkho pa tiinjini ta dizilo totchipa ta ku China ndi timathirakitala ta matayala awiri. Injini imodzi inkapopa madzi, kulima, kupuntha mpunga ndi kuyendetsa bwato. Poti makinawo adachuluka ndipo adali osavuta kumasula, magalaja adamera m'midzi, ndipo mzinda wa Bogura udasanduka likulu la mafakitale ang'onoang'ono opanga zipangizo zosinthira. Boma silidagawe makinawo. Lidangotsegula njira, alimi n'kugula zomwe amisiri awo akadatha kukonza.

Chitsanzo chotsutsana nacho chili pafupi, kutsidya kwa Songwe. Mu 1947 boma la Britain lidayambitsa ulimi waukulu wa mtedza ku Tanganyika, makamaka ku Kongwa, ndi makina ochuluka kuphatikizapo akasinja a nkhondo osandutsidwa mathirakitala. Mizu ya mitengo ndi nthaka yolimba zidathyola makinawo mofulumira kuposa momwe amakaniko akadawakonzera, mvula nayo idakana, ndipo mu 1951 ntchitoyo idathetsedwa itamwa ndalama zankhaninkhani.

Izi sizikutanthauza kuti mathirakitala aakulu alibe malo. Makampani a nzimbe ku Nchalo ndi ku Dwangwa, komanso minda ya tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, akhala akuyendetsa makina kwa zaka makumi ambiri. Chinsinsi chawo n'chosabisika: ali ndi magalaja awoawo, amakaniko olembedwa ntchito, nkhokwe za zipangizo zosinthira ndi kaundula wa tsiku lomwe makina alionse ayenera kuonedwa. Yemwe akufuna kutsegula munda waukulu n'kutengera makina okha kusiya galaja watengera theka la chitsanzo.

Zofunika kuchita sizodula poyerekeza ndi mtengo wa mathirakitala 177. Mgwirizano uliwonse wogulira makina ndi ndalama za boma uyenera kumanga wogulitsayo kuti asunge zipangizo zosinthira m'dziko muno kwa zaka zingapo ndi kuphunzitsa amakaniko a m'maboma momwe makinawo akupita. Kugula mitundu yambirimbiri ya mathirakitala, uwu wa ku India, uwu wa ku China, uwu wa ku Brazil, malinga ndi yemwe wapereka ngongole, kumachititsa kuti wamalonda aliyense aope kusunga zipangizo zomwe mwina sadzagulitsa. Ndondomeko yopititsa magetsi kumudzi ya MAREP ikafika pamalo ochitira malonda, thiransifoma yake ikhale yokwanitsa chigayo ndi galaja, osati mababu ndi malo ometera okha. Ndipo maunduna ndi mabungwe akamagula ngolo, zotonolera chimanga kapena zoswera mtedza zoti agawire makalabu a alimi, ayambe afunsa amisiri a kuno.

Pomwepo pali chenjezo. Katundu wa amisiri a m'misika sakhala wofanana: chotonolera china chimagwira bwino, china chimaphwanya chimanga, ndipo zambiri zimagulitsidwa lamba ali poyera popanda chotchinga, zomwe zimaika zala za ana pachiswe. Amisiri ambiri amawotcherera atavala magalasi adzuwa wamba m'malo mwa chigoba choteteza nkhope, usiku n'kumagona maso akuwawa ngati athiridwa mchenga. Malo ofufuzira zaulimi a Chitedze ndi nthambi ya zomangamanga zaulimi kusukulu ya LUANAR ku Bunda ali ndi akatswiri omwe angathe kuyesa makinawa, kujambula mapulani oyenera ndi kuwapereka kwa amisiri, pomwe bungwe loona za miyezo la MBS lingaike chidindo pa omwe akhoza. Pakadali pano, mlimi wogula chotonolera pamsika alibe njira ina yodziwira ubwino wake koma kuchiyesa pa chimanga chake.