Penti sagwira khoma: boma litipatse oyendera nyumba a ziphaso

Amalawi anzanga, ndikakwera minibasi ndimadziwa kuti dalaivala ayenera kukhala ndi laisensi, ndipo galimotoyo iyenera kukhala ndi pepala losonyeza kuti ena ake adaiona mabuleki. Ndikadwala, wondibaya jakisoni ayenera kukhala wolembetsedwa kuboma. Ngakhale nyama ya ng'ombe pamsika imayenera kuyamba yaonedwa ndi a vetenale. Koma nyumba, momwe timagona usiku wonse ife ndi ana athu, njerwa zili pamutu, aliyense wovala chipewa cholimba ndi tepi m'thumba angathe kunena kuti "ili bwino iyi bwana," nkhani n'kuthera pomwepo. Kodi zimenezi n'zoona abale?

Ndikulemba izi mtima ukuwawa, chifukwa zidandionekera ine ndemwe.

Achimwene anga aakulu ali ku Joni. Amasamala maluwa pakhomo pa anthu ena mu Johannesburg, ndipo kwa zaka 6 adakhala akusunga ndalama pang'onopang'ono kuti amayi achoke m'nyumba ya lendi. Itapezeka nyumba yogulitsa m'tauni mwathu muno mwa Karonga, adatuma ine kuti ndikaione. Paja pabanja pathu ndine ndidakalawako ku yunivesite, ndipo ngakhale ndidabwerako ndisadamalize, amandiwerengerabe ngati wophunzira wa pamudzi. Koma za makoma ndingadziwe chiyani ine? Ndidati tipeze wodziwa.

Mwini nyumba adati tisavutike, iye akudziwa "injiniya". Adabwera mkulu wina wa nsapato zonyezimira, adagogoda khoma ndi kiyi wa njinga yamoto, adasuzumira kudenga, n'kunena kuti nyumbayi idzakalamba ndi zidzukulu zathu. Tidamupatsa ndalama yokwana kugula mbuzi. Pepala sadatipatse, nafenso sitidafunse. Safunsa adadya phula.

Mvula ya Januwale itabwera, pulasitala adayamba kuyoyoka kuchipinda kwa amayi. Kuseri kwake kudali mng'alu wochokera pakona ya zenera mpaka pansi, woti zala zimalowa. Gogo wina woyandikana nafe adangopukusa mutu nati: "Mwana wanga, umenewo ndi wa chivomerezi chija. Adangomata n'kupaka penti." Pambuyo pake tidamva kuti injiniya uja ndi mlamu wake wa wogulitsa, ndipo sukulu ya zomangamanga sadaiponde n'komwe. Lero amayi amagona pabalaza, chipinda chija tidatsekamo chimanga. Tsiku lomwe ndidaimbira foni achimwene kuwauza, adangokhala chete kwa nthawi yaitali, kenaka adati, "Chabwino, tiyambirenso." Mawu amenewo amandilasa mpaka pano.

Ndikadakamutengera kuti mkulu uja? Adalibe chiphaso choti n'kumulanda, adalibe bungwe loti n'kukamunenezako, sadasaine paliponse. Apa ndi pamene pagona nkhani yanga.

Ife a ku Karonga sitifunika kuuzidwa zomwe khoma losamangika bwino limachita. Mu Disembala 2009 nthaka idagwedezeka kwa masabata awiri. Pa 6 Disembala kudabwera chivomerezi cha mphamvu 5.8, pa 8 china cha 5.9, ndipo usiku wa pa 19 kuchera 20 chidabwera chachikulu cha 6.0. Anthu 4 adataya miyoyo, mazana adavulala, nyumba zikwizikwi zidagwa kapena kung'aluka. Ine ndidali mnyamata wa kusekondale, ndipo ndimakumbukira tikugona panja m'nyengo ya mvula, udzudzu uli ng'wee, chifukwa aliyense ankaopa denga lake lomwe.

Ndimakumbukiranso chinthu china. Kanyumba ka agogo anga, ka nsungwi zophoma ndi matope, kadangovina n'kuima. Zomwe zidagwa ndi nyumba zomwe tinkazisirira, za njerwa zootcha ndi malata. Chifukwa chake si ufiti ayi. Njerwa zidalumikizidwa ndi matope, makoma adali opyapyala, maziko osazama, makona osalumana, ndipo pamwamba pa mazenera padalibe lamba wa konkire uja amisiri amati ring'i bimu, womanga makoma onse pamodzi. Khoma la nsonga losenza denga lidali longoima lokha ngati chikwangwani, choncho ndilo linkayamba kugwa. Zonsezi munthu wodziwa angathe kuziona ndi maso nyumba ikumangidwa. Ikangopakidwa pulasitala ndi penti, basi, zabisika.

Ndipo tisadzinamize kuti zidatha. Boma lathuli lili m'chigwa chomwe nthaka idang'ambika n'kupanga nyanja ya Malawi. Anzathu a ku Salima adalawa zawo mu Malichi 1989. Kuonjezera apo, North Rukuru, Lufilya ndi Songwe ikasefukira imasiya chinyontho m'maziko chaka ndi chaka. Mgodi wa Kayelekera utatsegulidwa mu 2009, anthu adathamangira kumanga nyumba za lendi, ena mothamanga zedi. Nyumba zimenezo, pamodzi ndi zomatedwa zija, ndi zomwe zikugulitsidwa lero kwa aphunzitsi opuma ntchito ndi ana athu a ku Joni.

Wina anena kuti malamulo alipo kale. Eya, alipo ndithu. Mu 1996 Nyumba ya Malamulo idakhazikitsa National Construction Industry Council kuti izilembetsa makontrakitala. Ojambula mapulani ali ndi bungwe lawo, mainjiniya nawonso ali ndi lamulo lawo la 2019. Chivomerezi chathu chitadutsa, mu 2010 boma ndi mabungwe adatulutsa kabuku ka malangizo omangira nyumba zolimba. Lamulo la Physical Planning la 2016 lidati dziko lonse, tauni ndi mudzi womwe, ndi malo oyenera kumangidwa motsata dongosolo. Papepala tili bwino zedi.

Koma tandiuzani, mayi wa ku Kaporo kapena ku Nyungwe womanga zipinda zitatu ndi ndalama ya mpunga, ndi uti mwa akuluakulu amenewa adzafike papoloti pake? Mainjiniya olembetsedwa ndi ochepa, ambiri ali ku Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu, ndipo ntchito yawo ndi milatho, misewu ndi nyumba zosanja. Mtengo wongomuitanira mmodzi kuchokera ku Mzuzu ungathe kugula malata a chipinda chathunthu. Nyumba zambiri za Amalawi amamanga ndi bilida wa m'mudzi, yemwe adaphunzira ntchito posenzera matope amalume ake. Ena mwa iwo ndi akatswiri enieni, sindikuwanyoza. Koma pakati pa injiniya wa mumzinda ndi bilida wa m'mudzi pali dzenje, ndipo m'dzenje limenelo ndi momwe mumakhala anthu ngati mlamu wa wogulitsa uja.

Maiko ena adaliona dzenje limeneli. Ku America kuli ntchito yapayokha yotchedwa home inspector, munthu yemwe wogula amamulemba kuti aione nyumba kuyambira pansi mpaka kudenga ndalama zisadatuluke. Dera la Texas lidayamba kuika lamulo pa ntchitoyi mu 1985, ndipo madera ambiri adatsatira, kufuna kuti munthu aphunzire, alembe mayeso, ndiyeno alandire laisensi yomwe angathe kulandidwa akanama. Kufupi kuno, ku South Africa komwe achimwene anga amathirira maluwa, lamulo la 1998 lidapatsa mphamvu bungwe la NHBRC kuti lizilembetsa omanga nyumba, kutumiza oyendera nyumba ikumangidwa, ndi kuteteza mwini wake kwa zaka 5 ngati maziko kapena makoma aonetsa vuto lalikulu. Achimwene akadagula nyumba yatsopano kumeneko, bwenzi ali ndi khomo loti n'kugogoda. Kwawo kuno alibe.

Tsono ndikudziwa zomwe ena mukung'ung'udza powerenga. Mukuti, "Iwe, ukufuna kutibweretsera wina wodzatidyera ndalama. Chiphaso chilichonse m'dziko muno chimabala ziphuphu." Mantha amenewa ndi oona, ndipo sindiwapeputsa. Taonani ku Turkey. Kudali lamulo loyendera nyumba kuyambira 2001, koma kwa zaka zambiri makampani oyenderawo ankasankhidwa ndi kulipidwa ndi omanga omwewo, ndipo mu 2018 boma lidakhululukira nyumba zomangidwa mophwanya malamulo bola eni ake alipire. Pa 6 Febuluwale 2023 chivomerezi chidapha anthu oposa 50,000 m'dzikomo. Mapepala adalipo, zidindo zidalipo, makoma adagwabe.

Phunziro lake ndi lakuti chiphaso chimakhala ndi ntchito pokhapokha ngati mwini wake ali ndi choti n'kutaya. Kusowa chiphaso sikudatipulumutse ku ziphuphu ayi. Ife tidalipira mbuzi yathunthu kwa munthu wabodza, popanda lisiti. Bola wakuba wa dzina ndi nambala, yemwe ungathe kumulondola, kusiyana ndi wakuba wongosowa ngati utsi.

Choncho inu a boma, inu aphungu athu, pempho langa nali.

Choyamba, khazikitsani ntchito ya woyendera nyumba ikhale ndi chiphaso chakechake, chosiyana ndi cha injiniya. Musafune digiri. Tengani amisiri okhwima omwe adapambana mayeso a ntchito zamanja, muwaphunzitse miyezi ingapo kudzera ku TEVETA m'sukulu ngati ya ku Ngara, yomwe idatsegulidwa mu 2015 m'boma lathu lomwe lino. Aphunzire kuona dothi, kuzama kwa maziko, kasakanizidwe ka simenti ndi mchenga, chiswe m'matabwa, mawaya a magetsi, ndi kusiyanitsa mng'alu wa pulasitala chabe ndi mng'alu wopha munthu. Chomwe chawakulira azitumiza kwa injiniya.

Chachiwiri, woyendera azisankhidwa ndi wogula kapena mwini nyumba yomangidwayo, osati wogulitsa kapena bilida. Asakhale mbale wa wogulitsa, ndipo asamafunsire yekha ntchito yokonza vuto lomwe walipeza, chifukwa akatero nyumba iliyonse idzakhala yodwala. Mtengo ukhale wodziwika, womatidwa pakhoma kukhonsolo ndi kulikulu la mfumu yaikulu iliyonse, pamodzi ndi maina ndi manambala a oyendera ovomerezeka.

Chachitatu, azisiya lipoti lolembedwa ndi losainidwa, m'chilankhulo chomwe mwini nyumba amamva, kaya Chichewa, Chitumbuka kapena Kyangonde. Nyumba yatsopano aziiona katatu: maziko asadakwiriridwe, pothira ring'i bimu, ndi pokhoma denga. Nyumba yakale aziiona isadagulitsidwe. Akasaina bodza n'kupezeka, chiphaso chilandidwe, dzina lilengezedwe pawailesi, ndipo abweze ndalama.

Chachinayi, ndipo apa mvetsetsani, lamuloli lisasanduke chikwapu chokwapulira amphawi. Yambani ndi nyumba zogulitsa, za lendi, malo ogona alendo, matchalitchi ndi mahositelo a ana asukulu, momwe munthu amagona pansi pa denga lomwe sadamange yekha. Kwa womanga yake kumudzi, woyendera akhale mlangizi, osati wogwetsa. Kumuuza munthu kuti chepetsa zenera ili, sendeza chitseko chichoke pakona, onjezera chipilala apa, sikufuna ndalama zambiri. Matumba ochepa a simenti oikidwa pamalo oyenera amaposa ambiri othera pakhonde lokongola.

Ndalama zake zichokera kuti? Funso limeneli ndidalizolowera. Koma ngozi ikagwa, ndalama za matenti, mabulangete ndi nyemba zimapezeka, ndipo akuluakulu amabwera ndi magalimoto ambirimbiri kudzatipepesa. Tidaona mu 2009, anzathu a kumwera adaonanso ndi namondwe Freddy mu Malichi 2023. Chaka chomwecho Nyumba ya Malamulo idavomereza lamulo latsopano loona za ngozi zogwa mwadzidzidzi, lomwe cholinga chake ndi kupewa ngozi isadafike. Nanga kupewa kuposa kuona khoma lisadagwe ndi kuti?

Pomwe tikudikira a boma, inu owerenga musachite zomwe ndidachita ine. Mukafuna kugula nyumba, pezani mmisiri wanuwanu, wochokera kutali ndi wogulitsa. Pitani kawiri, ulendo wina mvula itangogwa. Penti yatsopano pakhoma limodzi lokha ikudabwitseni. Yesani zitseko ndi mazenera ngati zikutsekeka bwino, chifukwa nyumba yotitimira imayamba kudziulula pamenepo. Koposa zonse, chezani ndi okalamba oyandikana nayo, muwafunse kuti nyumbayi idaoneka bwanji mu Disembala 2009. Gogo uja akadatiuza zonse kwaulere, tikadangomupatsa moni n'kukhala pansi.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Mwezi uno achimwene atumizanso ndalama zoti tigumule khoma lija timange lina. Bilida ndamupeza, njerwa ndaoda. Koma likadzatha, ndani adzandiuze zoona kuti amayi angabwerere kuchipinda kwawo? Inu a boma, ndiyankheni.