Mpando wa Klopp: mkangano wa ocemerera a Liverpool

Sabata ino tikambirane za mpira wa miyendo, makamaka za cimene cimacitika pamene mphunzitsi wa timu wacoka ndipo eni timu ali kufunafuna wina. Masiku otere afanana ndi masiku aja a pakati pa maliro a nyakwawa ndi kulongedwa kwa wolowa dzina lace. Munthu aliyense m'mudzi amakhala ndi wace amene wamsankha kumtima, ndipo pa mowa, pa citsime ndi pa cigayo nkhani imakhala yomweyo, ngakhale kuti osankha enieni ndi akuluakulu owerengeka amene amakambirana m'nyumba, citseko cotseka.

Zotere zinaoneka ku Liverpool, timu ya ku England imene iri ndi ocemerera ambiri ngakhale m'midzi yathu ino. Pa 26 Januwale 2024, Jurgen Klopp, mphunzitsi wa ku Germany amene anafika ku timuyo mu 2015, analengeza kuti adzacoka pakutha pa nyengo ya masewera cifukwa mphamvu zinali kumthera. Munthuyu ndiye anapatsa Liverpool cikho ca Champions League mu 2019, ndiponso ligi mu 2020, timuyo itakhala zaka 30 osaigwira. Tsono ocemerera anamva ngati mzati wa pakati pa nyumba wazulidwa.

Lisanalowe dzuwa, ambiri anali atagwirizana kale pa dzina limodzi: Xabi Alonso. Ndipo sindingawanene kuti anali opusa, iai. Alonso anasewera ku Liverpool kuyambira 2004 kufikira 2009, ndipo ndiye anagoletsa cigoli cacitatu usiku uja wa ku Istanbul mu 2005, pamene timuyo inabweza zigoli zitatu za AC Milan ndi kutenga cikho. Anali mwana wa pakhomo. Kuwonjezera apo, anapeza Bayer Leverkusen iri pafupi ndi kumcira kwa ligi ya ku Germany mu 2022, koma mu 2024 anaipatsa ligi yoyamba m'mbiri yace, osagonja ngakhale kamodzi pa masewera 34. Ndani akadakana mkamwini wotere?

Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Kumapeto kwa Malici, Alonso ananena poyera kuti sacoka ku Leverkusen. Pomwepo ocemerera anatembenukira kwa Ruben Amorim wa timu ya Sporting ku Portugal, ndipo anthu amene sanaonepo Sporting ikusewera anayamba kumtama ngati anakula naye. Ena anali kunena kuti pafunika munthu wochuka woti osewera azimuopa. Ena anati pafunika wacinyamata wa nzeru zatsopano. Enanso anati ndi bwino kumgwira mwendo Klopp kuti asinthe maganizo.

M'mwezi wa Meyi eni timu analengeza dzina la Arne Slot wa timu ya Feyenoord ku Netherlands, ndipo ambiri anagwa mphwayi. Slot sanasewerepo m'timu yaikuru. Inde, anatenga ligi ya kwao mu 2023 ndi cikho mu 2024, koma ocemerera anati ligi imeneyo ndi yaing'ono. Cimene cinawaopsa koposa ndi cakuti Erik ten Hag, munthu wa dziko lomwelo, anali kubvutika ku Manchester United, imene caka cimeneco inathera pa nambala 8. Anati mbeu ya m'nkhokwe imodzi imamera mofanana.

Apa ndi pamene ndifuna tiimepo pang'ono. Ocemerera anali kufunsa kuti, mphunzitsi woposa onse ndani? Osankha, amene anali Michael Edwards ndi Richard Hughes, anali ndi funso lina: ndani angayendetse osewera amene tiri nao kale? Inu alimi mudziwa kusiyana kwa mafunso awiriwa. Ng'ombe zolima zimene zazolowera liu ndi dzanja la munthu mmodzi kwa zaka zisanu ndi zinai sizifuna katswiri wofika ndi joko lacilendo ndi kusinthanitsa ya kumanja ndi ya kumanzere. Zifuna munthu wodziwa kugwira pulawo monga zinazolowera, amene akonza pang'onopang'ono pamene mzere ukhota. Amorim amaimika ochinga kumbuyo atatu, pamene osewera a Klopp anazolowera anai. Slot anali kuimika anai, ndipo timu yace inali kuthamangira kulanda mpira kutsogolo monga ya Klopp. Dzina lace linali laling'ono, koma kalimidwe kace kanali kodziwika kwa ng'ombezo.

Kuti timvetse kuopsa kwa nthawi yotere, tiyang'ane kwa anansi ao a Manchester United. Pamene Alex Ferguson anapuma mu 2013, atakhala zaka 26 ndi kutenga ligi kokwanira 13, iye mwini analoza David Moyes wa ku Everton, amene anapatsidwa pangano la zaka zisanu ndi cimodzi. Koma mkuru woyendetsa kalabu, David Gill, anacoka nthawi yomweyo, ndipo Moyes anabwera ndi othandiza ace, akale aja amene anadziwa mtima wa wosewera aliyense nacoka. Nyumba inakhala yopanda wokumbukira za dzulo. Mu Epulo 2014, caka cisanakwane, Moyes anacotsedwa, ndipo timu imene inali pamwamba inathera pa nambala 7. Pambuyo pace kunabwera maina akuluakulu amene ocemerera anali kulira, Louis van Gaal ndi Jose Mourinho. Zikho zina anatenga, koma ligi sanaigwire. Ndipo Amorim uja, atapita ku United mu Novembala 2024 ndi ochinga ace atatu, timuyo inathera pa nambala 15.

Nanga Slot anacita ciani? Anagula wosewera mmodzi yekha woti ayambe nchito nyengo imeneyo, Federico Chiesa, amenenso sanasewere kwambiri. Pamene Martin Zubimendi wa ku Spain anakana kubwera, Slot anayang'ana m'khola lomwelo napeza Ryan Gravenberch, mnyamata amene nthawi ya Klopp anali kukhala pambali kawirikawiri, namuika pakati kuti aziteteza ochinga kumbuyo. Mnyamatayo anasanduka msana wa timu. Mohamed Salah anagoletsa zigoli 29 mu ligi. Pa 27 Epulo 2025, Liverpool inagonjetsa Tottenham 5-1 pa bwalo la Anfield ndi kutenga ligi ya 20, kutatsala masewera anai.

Okalamba amene anali kumvetsera mpira pa wailesi kale angakumbuke kuti aka sikanali koyamba. Bill Shankly atasiya nchito mwadzidzidzi mu 1974, mpando unapatsidwa kwa womthandiza wace wofatsa, Bob Paisley, amene iye mwini sanali kuufuna. Pa zaka zisanu ndi zinai anatenga ligi kasanu ndi kamodzi, ndi cikho ca European Cup katatu.

Koma musaganize kuti mkangano unatha. Mu Julayi 2025 timuyo inalira maliro a Diogo Jota, amene anafa pa ngozi ya galimoto ku Spain. Nyengo yomweyo eni timu anatsegula thumba nagula osewera a mtengo wapatali, monga Florian Wirtz ndi Alexander Isak, ndipo timu ija yozolowerana inasanduka ina. Kugonja kunayamba kutsatizana. Mu Novembala 2025, Nottingham Forest inawathira zigoli 3-0 pa Anfield pomwepo, ndipo patapita masiku anai PSV ya ku Netherlands inawathira 4-1. Ena mwa ocemerera amene anabvina mu Epulo anayamba kunena kuti ligi ija inali ya osewera a Klopp, Slot anangokolola m'munda wa mwini, ndipo anayambanso kuwerenga maina a aphunzitsi ena.