Batire yachiwiri iyambe, furiji idikire

Mwezi wathawu ndinagona pa doko la Swang'oma, kuno ku Phalombe, ndikutsata mitengo ya makumba ndi milamba. Cha m'ma 4 koloko m'bandakucha mabwato atakocheza, bambo wina wa Hilux yakale anapikula nsomba zaziwisi mabeseni angapo, n'kupakira. Atapotoza kiyi, galimoto inangoti tche! tche! basi. Usiku wonse batire inali ikuyatsa mababu awiri, kuliza wailesi, kutchaja mafoni a anzake, komanso kuyendetsa kafuriji kamene anagula posachedwa. Anyamata anayesa kukankha, koma galimoto ya dizilo yolemedwa ndi katundu, pa dothi lamakande lonyowa, siikankhika. Ina yoti imugawire moto inafika dzuwa litakwera. Nsomba zomwe zimayenera kukafika ku Limbe zili zaziwisi anazigulitsa kwa amayi owamba pa mtengo wolira nawo.

Bamboyo ananyoza batire. Ine ndikuti batire inalibe mlandu. Cholakwika chinali ndondomeko ya kagulidwe: anayamba ndi chinthu chomwe chimayenera kukhala chomaliza.

Amene mumachita geni ya nsomba za ku Chilwa mukudziwa chifukwa chomwe ma Hilux, ma Land Cruiser ndi ma Patrol akalekale safa kuno. Nyanjayi ndi yosaya ndipo ilibe mtsinje wotulutsa madzi, choncho imafutukuka ndi kubwerera malinga ndi mvula. Inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'aluka. Madzi akathawa, doko nalo limasuntha, ndipo wogula nsomba amawatsatira kutali ndi mapolo a Escom. Kugona m'galimoto masiku awiri kapena atatu podikira katundu wokwana ulendo n'chizolowezi. Pamenepo galimoto imakhala nyumba, ofesi ndi sitolo. Foni ikazima, Airtel Money ndi Mpamba zazima, ndipo kasitomala wa ku Zomba wagula kwa wina.

Choncho kufuna magetsi m'galimoto si kunyada ayi. Funso ndi loti ndalama yoyamba ipite kuti.

Batire yolizira galimoto inapangidwa kuti itulutse moto wambiri kwa masekondi ochepa, kenako alternator iibwezere. Siinapangidwe kuti izikamidwa pang'onopang'ono usiku wonse. Mukaitsitsa kwambiri kangapo konse, imafooka osabwereranso mwakale. Ntchito ya usiku ndi ya batire ya mtundu wina, ija amati deep cycle, yomwe ambiri timaidziwa kuti batire ya sola. Ziwirizi zimalumikizidwa ndi kachipangizo kotchedwa isolator: injini ikalira moto n'kukwera kupitirira mavoti 13, kamazigwirizanitsa kuti zonse zitchajidwe, injini ikazima kamazilekanitsa. Mababu, mafoni ndi wailesi zimadya yachiwiriyo mpaka kutopa, yolizira ili chikhalire. Bambo wa pa Swang'oma uja akanakhala ndi kachipangizo kameneka, nsomba zake zikanafika ku Limbe.

Komabe musanagule batire yachiwiri, pitani kwa wokonza magetsi a galimoto ayeze zomwe zilipo kale. Kamita koyezera moto n'kotsika mtengo, ndipo aliyense wogona kudambo ayenera kukhala ndi kake. Injini ikulira, pa batire payenera kuwerenga pakati pa mavoti 13.8 ndi 14.4. Ngati pakuwerenga pansi pa apo, alternator kapena mawaya ake ali ndi vuto, ndipo kuionjezera batire ina kuli ngati kusenzetsa thumba lachiwiri munthu amene loyamba lamukanika. Injini itazima kwa maola angapo, batire yodzadza imaonetsa 12.6 kapena 12.7. Ikafika 12.2 ndiye kuti yatsala theka, ndipo apo ndi polekezera. Ma alternator a magalimoto akalewa ndi aang'ono, anapangidwira nyali ndi wailesi basi. Nthawi zambiri chomwe chimawathera mphamvu si kukalamba kokha, koma lamba wolendewera ndi waya wa nthaka wochita dzimbiri. Madzi a Chilwa ndi amchere pang'ono, ndipo madzi a nsomba otayikira kumbuyo amadya chitsulo. Kupala mitu ya batire ndi kusintha waya wa nthaka ndi ntchito ya ola limodzi, koma imabweza moto wochuluka kuposa zipangizo zina zodula.

Pa mawaya ndi pomwe ambiri timaumira, ndipo ndi pomwe galimoto zimapsera. Kuchokera ku boneti kukafika kumbuyo pali mamita asanu kapena asanu ndi limodzi. Pa mtunda wotere pamafunika waya wonenepa, wa 16mm² kapena kuposera apo, wa kopa weniweni. Mawaya ena a pamsika ndi aluminiyamu wongopakidwa mtundu wa kopa. Mukapala ndi mpeni mkati mumayera. Fyuzi ikhale pafupi kwambiri ndi batire, ndipo ikhale mbali zonse ziwiri, chifukwa mabatire onse awiri amatha kukankha moto pa waya womwewo. Waya akadutsa pa bowo la chitsulo, avekedwe labala. Misewu ya kunyanja imagwedeza galimoto kotheratu, ndipo waya wopekesedwa ndi chitsulo wopanda fyuzi amafiira m'masekondi. Chizolowezi chokulunga fyuzi yopsa ndi pepala lonyezimira la m'paketi ya fodya tisachitchule n'komwe.

Chenjezo lina ndi la eni ma Land Cruiser ndi ma Patrol ena a dizilo omwe ali ndi mabatire awiri kale. Ena mwa iwo ndi a mavoti 24. Mabatire awiriwo si yolizira ndi yosungira. Onse ndi olizira. Mukalumikiza zinthu za mavoti 12 pa batire imodzi yokha, ina imatchajidwa mopyola ina ikufota, ndipo miyezi ingapo mudzagula zonse ziwiri. Pamafunika chotsitsira moto kuchoka pa 24 kufika pa 12.

Tsopano furiji, yomwe aliyense amaifunsa poyamba. Nzeru yoika furiji m'galimoto tinaionera kwa alendo. Chilwa inalembedwa pa mndandanda wa Ramsar wa madambo ofunika padziko, ndipo obwera kudzaona mbalame amafika ndi magalimoto okhala ndi sola padenga ndi furiji kumbuyo. N'zokongola. Koma furiji yawo imasunga zakumwa ndi nyama zomwe zinazizira kale kunyumba. Inu mukufuna kuikamo nsomba zofunda zongochoka m'bwato.

Tiwerengere limodzi. Furiji ya mavoti 12 ya malita 60 ingalowe nsomba pafupifupi makilo 40, ndiye kuti beseni limodzi lalikulu. Kuti makilo 40 amenewa atsike kuchoka pa kutentha kwa kunyanja kufika pafupi ndi 0, kafuriji kotere kayenera kulira osapuma pafupifupi tsiku lathunthu. Pofika nthawi imeneyo za pakati zayamba kale kufewa. Ntchito yomweyo imagwirika ndi makilo 12 a ayisi wophwanyaphwanya, m'maola ochepa. Muonjezere wina wa panjira. Kumbali ya moto, kafurijiko kakamalira kamakoka ma ampu anayi kapena asanu. Batire ya 100Ah mumayenera kuidya theka lokha, 50Ah, ngati mukufuna ikhalitse. Ndiye kuti usiku umodzi wa Okutobala furiji yokha yamaliza gawo lanu lonse, foni isanalawe. Ena amanyamula furiji yozizitsa kwambiri ya m'nyumba n'kuilumikiza pa inverter. Imeneyo ndiye imameza batire pasanafike pakati pa usiku, ndipo makina ake sanapangidwire mabampu.

Sindikunena kuti furiji ilibe malo. Amene ali ndi oda yokhazikika ya nsomba zochepa zodula, za malo ogona alendo kapena odyera, angaipindulire, makamaka akayamba waziziritsa nsombazo ndi ayisi. Koma wogulitsa pamsika apindula msanga ndi mabokosi awiri osunga kuzizira ndi mabuloko a ayisi ogula popita. Ndipo wa matemba ouma furiji aitani nayo? Iye akufuna nyali yowala yoonera katundu usiku kuti asapakiridwe zonyowa pansi pa thumba.

Sola ndiyo ndingaike patsogolo pa furiji. Galimoto yoima masiku atatu siitchaja batire, ndipo kuliza injini chabe kuti itchaje kumawotcha pafupifupi lita ya dizilo pa ola, moto wolowa uli wochepa. Kugona m'galimoto injini ikulira n'koopsanso chifukwa cha utsi. Panelo ya mawati 150 pa tsiku ladzuwa imabweza pafupifupi 40Ah, zokwanira mababu a LED, mafoni ndi wailesi, zina n'kutsala. Isalumikizidwe pa batire popanda regulator. Ndaona wina akutchajira asodzi a m'zimbowera mafoni ndi matochi pa kangachepe. Ndalama yake si yogulira njinga, koma asodziwo akabwera ndi nsomba amayamba kufika kwa iye.

Mitengo ya zipangizozi sinakhazikike chigwetsereni kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kotero funsani m'masitolo atatu musanatulutse ndalama. Chomwe sichisintha ndi kulemera ndi kukula. Batire ya deep cycle ya 100Ah ya mtovu imalemera makilo pafupifupi 30. Ikanyamulika ndi dzanja limodzi, chizindikiro chomatidwapocho chikunama. Panelo ya mawati 150 imatalika pafupifupi mita ndi theka. Kapanelo kofanana ndi thireyi kolembedwa 200W ndi bodza. Mabatire a lithium ndi opepuka komanso okhalitsa, koma amafuna tchaja yawoyawo, apo ayi amatenthetsa alternator yakale mpaka kuipsereza. Kwa ambiri a ife nthawi yake siinakwane.

Nthawi yabwino yochitira zonsezi ndi ya dzinja, makoka akatsekedwa pa nyanjayi ndipo galimoto ikungokhala pakhomo. Yambani ndi alternator ndi mawaya, kenako isolator, fyuzi ndi batire yachiwiri yomangidwa bwino kumbuyo podutsa mpweya, osati pansi pa mpando. Mpamba ukalola, sola. Bambo wa Hilux uja ndinakumana nayenso pa Migowi sabata yatha. Furiji anaigulitsa kwa wagolosale, ndipo anali kukambirana mtengo wa isolator ndi mamita 12 a waya.