TV siinafe iyi, musathamangire kwa okonza

Mwagula TV ikulu, mwalumikiza game, bola yayamba. Kamera ikangotembenuka mwamsanga, chithunzi chang'ambika pakati: mutu wa player uli uku, miyendo yatsalira uko. Kamzere kaoneka, kasowa, kabweranso. Apa ndiye pamene ambiri amanyamula TV kupita nayo kwa okonza mu town, kapena kugula cable ya HDMI yodula. Imani pang'ono, ndalama izo zisungeni.

Vuto iyi amaitcha screen tearing, ndipo TV ilibe mlandu. Ma TV ambiri amajambula chithunzi chatsopano ka 60 pa sekondi imodzi, kuyambira kumwamba kutsika pansi. Manje makina a game, makamaka kompyuta, amatumiza vithunzi pa liwiro lao, nthawi zina 45, nthawi zina 90. Chithunzi chatsopano chikafika TV ili pakati kujambula chakale, imangotsiriza na chatsopano. Chamene muona ni vidutswa viwiri vya nthawi zosiyana, vosokedwa pamodzi.

Mankhwala akale ni V-Sync, muzaipeza mu settings za game pa kompyuta. Nchito yake ni kuuza makina kuti ayembekeze TV itsirize kujambula. Kung'ambika kumatha, zoona. Koma siibwera mahala: mukatinika batani, player amachedwako kuyankha, ndipo makina akalephera kufika 60, ma game ena amagwa mpaka 30 na kuyamba kutsimphina. Mu game ya nkhani mwina simuzamva. Koma mu FC, ku game shop ya mu komboni kumene oluza ndiye alipira, kakuchedwa ako ni chigoli.

Njira yabwino manje ni VRR. Apa TV ndiye iyembekeza game, ikonka liwiro lake. PS5 inalandira VRR mu April 2022, Xbox Series X na S nazo zili nayo. A PS4, pepani, inu mulibe. TV nayo ifunika kukhala nayo, kambiri kupitira pa HDMI 2.1, ndipo pa ma TV ena ni ma port ena chabe amene asebenza nayo, ndiye yang'anani kumbuyo musanalumikize.

Pogula, osanamizidwa na katoni. "Motion Rate 120" si 120Hz, kambiri mkati ni 60 imodzimodzi yovekedwa suti. Funsani ogulitsa ngati ili na VRR. Akayamba kukamba za sound, mwamva kale yankho.

Ngati thumba silivomera TV yatsopano, yatsani Game Mode, muzimye TruMotion pa LG kapena Auto Motion Plus pa Samsung. Sivichotsa kung'ambika, koma vichepetsa kuchedwa, ndiye V-Sync muzaipirira.

Koma mzere ukakhala pamalo amodzi osasuntha, nkumaoneka ngakhale mutamba nyuzi pa ZNBC, iyo ni nkhani ina. Pamenepo itanani okonza.