Kuyeza BP popanda lamba wapamkono

Kuthamanga kwa magazi, komwe ambiri amangoti BP, ndi matenda osamveka kupweteka mpaka atawononga mtima, impso kapena kuyambitsa sitiroko. Kafukufuku wa STEPS wa 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse azaka 25 mpaka 64 m'Malawi ali ndi vutoli. Pachipatala cha boma cha Mulanje ndi cha Mulanje Mission, BP amayeza ndi lamba amene amamanga pamkono n'kumupopa mpweya, ndipo nambala ikamapezeka pa 140/90 kapena kuposa apo mobwerezabwereza, munthu amayamba kulandira thandizo. Lambayo amatha, timapaipi take timabooka, ndipo wothothola tiyi kuesiteti amaluza tsiku lantchito kuti akayezetse. N'chifukwa chake akatswiri akupanga tizipangizo totsika mtengo tosafuna lamba, tovala ngati wotchi kapena topanira kuchala. Timawalitsa kuwala pakhungu, n'kuona mmene magazi akudzazira m'mitsempha nthawi iliyonse mtima ukagunda, kenako pulogalamu ya mufoni imayerekeza BP. Komabe tambiri timafunika kutilinganiza ndi makina a lamba nthawi ndi nthawi, ndipo kugwedeza dzanja kapena kuzizira kwa zala kumasokoneza zotsatira. Mu 2022 bungwe la European Society of Hypertension lidati tizipangizoti tisagwiritsidwe ntchito popeza matenda kapena posintha mankhwala. Pakadali pano, mayi woyembekezera kusikelo ndi aliyense womwa mankhwala a BP ayenera kuyezedwa ndi makina a lamba.

— Mlembi wa Zaumoyo